Funsani Malume: Thiransipoti Ikudya Malipiro, Titani?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akulira chinthu chimodzi, ndalama yokwerera galimoto m'tauni. Ndasankhapo anayi. Kwa inu amene mukuwerenga tsamba lino koyamba, ine ndinayamba ndi ukondakitala, kenako ndinagwira chiwongolero pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Lilongwe, ndinakakhalakonso ku Joni, ndipo pano ndili kwathu kuno ku Ntcheu.

FUNSO: Malume, mwana wanga wamkazi wapeza ntchito pa fakitale ina ku Kanengo, ku Lilongwe. Akukhala kwa azakhali ake ku Chinsapo. Atangolandira malipiro oyamba anandiimbira akulira kuti pafupifupi theka latha ndi minibasi. Alamu anga amene ali ku Joni akuti kumeneko munthu amagula tikiti ya mwezi wathunthu. Kodi ku Lilongwe tikiti yotereyi imagulidwa kuti? Ndine mayi wa ku Kampepuza.

YANKHO: Mayi, choyamba tithokoze kuti mwana wapeza pogwira, ntchito ikusowa masiku ano. Ndikuyankheni mosazungulira: tikiti ya mwezi ya minibasi ku Lilongwe kulibe, ku Blantyre kulibe, ku Mzuzu kulibenso. Kondakitala wina akadzamuuza kuti apereke ndalama ya mwezi kuti azimunyamula tsiku lililonse, akane ndithu.

Minibasi za m'tauni si za kampani imodzi. Iliyonse ili ndi mwini wake, wina ndi mphunzitsi wopuma ntchito, wina ndi wogulitsa matabwa, ndipo dalaivala amauzidwa ndalama yoti abweretse madzulo aliwonse, ija timati tageti. Pa ndalama imene kondakitala watolera tsiku limenelo pachoke ya mafuta, pachoke ya oitanira pa siteji iliyonse imene adzazira, pachoke tageti ya bwana, zotsalazo ndiye agawane awiriwo. Kukacha ayambirenso. Munthu wa moyo wotere sangalandire ndalama ya mwezi n'kuisunga. Ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, galimotoyo mawa ikhoza kugona ku galaja, kapena mwini wake n'kuichotsa pa msewu wa Likuni kuti iziyenda wa Area 23. Tikiti ya mwezi imatheka pamene kampani imodzi kapena khonsolo ya mzinda ili ndi mabasi ambiri, kuti ina ikafa ukwere inzake ndi pepala lomwelo. Akuluakulufe tikukumbukira mabasi a United Transport, amene anadzakhala Stagecoach kenako Shire Bus Lines, mmene kondakitala ankang'ambira munthu tikiti ya mtengo wodziwika. Atatha amenewo, kunyamula anthu m'mizinda kunatsala m'manja mwa minibasi, ndipo tsopano awonjezerapo ma Sienta ndi akabaza. Zimandiwawa kuti likulu la dziko, lomwe anthu ake anadutsa kale miliyoni, likuyendabe chonchi, chifukwa amene amapsa nazo ndi anthu a malipiro ochepa ngati mwana wanuyo.

Koma chimene chikumudya kwenikweni ndi mtunda. Chinsapo ili njira ya ku Likuni, pamene Kanengo ili kumpoto, njira ya ku Kasungu ndi ku bwalo la ndege. Minibasi zambiri za mu Lilongwe zimathera m'tauni, ku depoti, ndiye iye akukwera ziwiri popita, ziwiri pobwera. Tiyeni tiwerengetsere ndi mtengo wongoyerekeza, inu mukaikepo weniweni wa lero. Titati ulendo umodzi ndi K1,500, pa tsiku akutulutsa K6,000. Akagwira ntchito masiku 26 pa mwezi, zakwana K156,000. Atakhala ku Area 25, komwe ndi kufupi ndi Kanengo, n'kumakwera imodzi popita imodzi pobwera, zikhala K78,000. Inayo K78,000 ndi imene muyenera kuiyerekeza ndi lendi ya kachipinda kumeneko. Akapeza mnzake wa ku ntchito wamakhalidwe abwino n'kumagawana lendi, mwina mupeza kuti kukhala kwaulere kwa azakhali ndiye kukudula kwambiri.

Ndikudziwa kuti mtima wa kholo umakhala m'malo mwana wamkazi akakhala kwa abale, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Nkhaniyi muikambirane pamodzi ndi azakhali akewo, asaone ngati mwana wathawa pakhomo pawo. Kungoti powerengetsera moyo wa m'tauni, lendi ndi thiransipoti muziziika pamodzi nthawi zonse. Anthu ambiri ochoka kuno kwathu amafunsa mtengo wa nyumba wokha, n'kusangalala kuti apeza yotchipa kumapeto kwa mzinda, osadziwa kuti chimene apulumutsa kwa landilodi azikachipereka kwa kondakitala m'mawa uliwonse.

Pakali pano achite izi. Afunse ku ofesi ya kuntchito ngati pali basi kapena lole yonyamula antchito, chifukwa makampani ena ku Kanengo ali nazo, ndipo wantchito watsopano amachita manyazi kufunsa. Afufuzenso ngati pali mnzake wa galimoto wochokera mbali ya kwawoko, kuti azisonkherana ya mafuta. Akagwirizana ndi wakabaza woti azimutenga pakhomo kukamusiya pa siteji, azimulipira kumapeto kwa sabata pa maulendo amene ayendadi, osati kulipiriratu, ndipo ngati ndi wa njinga yamoto akhale wodziwika pa siteji pake komanso wa chipewa choteteza mutu. Tsiku lolandira malipiro, ndalama ya thiransipoti ya mwezi wonse aichotse kaye asanagule chilichonse, aiike payokha pa Mpamba kapena Airtel Money, azitapa ya sabata imodzi basi. Amene ndinkawaona akuyenda wapansi m'mbali mwa msewu cha pa 20 mwezi sanali anthu aulesi, anali anthu amene ndalama yokwerera inasakanikirana ndi ya ndiwo.

FUNSO: Malume, mwezi wa mawa ndikupita ku Johannesburg kwa achimwene anga, ndikwera basi yodutsa pa boda ya Dedza. Iwo andiuza kuti kumeneko mabasi ena salandira ndalama m'manja, amafuna khadi. Sindinatulukepo kunja ndipo ndikuopa kukachita manyazi. Ndine mnyamata wa ku Bembeke.

YANKHO: Mphwanga, wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Pasipoti ndi mapepala ako zikhale bwino usananyamuke, chifukwa njira imeneyo ili ndi zipata zambiri: ukatuluka pa Dedza walowa Mozambique, uwoloka Zambezi pa Tete, ulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge, ndiye South Africa. Mabasi ambiri amatsitsira pa Park Station kapena chapafupi pomwepo. Achimwene ako akakuchingamire, usakayambe kusaka wekha njira uli ndi zikwama.

Achimwene akowo sananame, koma chimene uzikwera kwambiri si basi ya khadi. Anthu ambiri ku Joni amayenda pa minibasi ngati zathu zomwezi, kungoti kumeneko amazitcha taxi, ndipo zimalandira ndalama m'manja. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi zambiri mulibe kondakitala. Galimoto ikanyamuka, anthu a mpando wa kumbuyo amasonkhanitsa ndalama zawo, mmodzi n'kugwira paphewa wa kutsogolo kwake, kumupatsa n'kunena kuti ndi za anthu angati. Ndalama ija imayenda mzere ndi mzere mpaka kwa munthu amene wakhala pafupi ndi dalaivala. Ameneyo ndiye amawerenga, kuona ngati zakwana, n'kubweza chenje, chomwenso chimayenda chobwerera kudzera m'manja omwe aja. Ndinkaona munthu ali ndi makobidi dzanja ili, mapepala pabondo, kumbuyo wina akukuwa kuti chenje chake sichinafike, dalaivala akuyang'ana cham'mbali. Zikapanda kukwana, galimoto ikhoza kuima pambali mpaka ndalamayo ipezeke. Choncho masabata oyamba usakhale mpando wa kutsogolo. Khala pakati, uone mmene anzako akuchitira.

Uzikhala ndi ndalama zing'onozing'ono, za R10 ndi R20 ndi makobidi. Kutulutsa R200 m'mawa anthu akuthamangira ku ntchito n'kudziputira mawu. Mtengo ufunse achimwene ako musanachoke pakhomo, kapena woyang'anira mzere pa renki, yomwe ndi siteji ya ma taxi, monga pa Bree kapena pa Noord. Pa renki anthu amaima pa mzere ndipo mtengo ndi umodzi kwa aliyense, kunenerera kuja timachita kuno kulibe. Poimitsa taxi m'njira amagwiritsa ntchito zala. Chala choloza kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti ukutsikira dera lomwelo. Zizindikiro za madera ena akakuphunzitse achimwene ako, chifukwa zimasiyana ndi komwe waima.

Tsopano za makhadi. Mabasi a Rea Vaya, amene anayamba mu 2009 ndipo amalumikiza Soweto ndi pakati pa mzinda, ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu komanso masiteshoni otchingidwa. Umagula khadi, n'kuikamo ndalama, ndipo polowa umaigunditsa pa makina, potulukanso umaigunditsa. Makinawo ndiwo amawerenga mtunda umene wayenda n'kudula ndalama yake. Ukaiwala kugunditsa potuluka amakudula yochuluka kuposa ulendo wako. Sitima ya Gautrain, yomwe inayamba mu 2010 chaka cha mpira wa World Cup, imayendanso chimodzimodzi. Imachokera pa Park kudutsa Rosebank, Sandton, Midrand ndi Centurion mpaka Pretoria ndi Hatfield, ndipo ili ndi nthambi yopita ku bwalo la ndege la OR Tambo. Ndi yachangu, yaukhondo, koma yodula, makamaka ya ku bwalo la ndegeyo, ndipo nthawi ya m'mawa ndi madzulo mtengo umakwererako. Munthu aliyense amafunika khadi yakeyake, simungadutse awiri pa khadi imodzi, ndipo m'katimo saloleza kudya ngakhale kutafuna chingamu. Khadi ya Rea Vaya ndi ya Gautrain ndi zosiyana, usadzagule imodzi poganiza kuti ikutsegulira paliponse.

Sitima za Metrorail ndizo zotsika mtengo kuposa zonse, ndipo kumeneko kuli matikiti aja a sabata ndi a mwezi. Njanji zambiri zinaonongeka cha m'ma 2020 anthu ataba mawaya, zina anazikonza, ndiye ufunse ngati ya dera la achimwene ako ikuyenda.

Apa ndiye ndikufuna undimvetsetse. Tikiti ya mwezi ili ngati kugula thumba la chimanga m'malo mogula timapepala ta ufa tsiku ndi tsiku: imatsika mtengo, koma kwa munthu yekhayo amene adyedi thumba lonselo. Imagulidwa pa njira imodzi, kuchokera siteshoni yakuti kukafika yakuti. Iwe ukafika uzikayamba ndi maganyu, lero kukonza pa bwalo la munthu ku Randburg, mawa kunyamula njerwa ku Midrand, mkuja kukhala pakhomo. Ukagula tikiti ya mwezi pa nthawi imeneyo wataya ndalama. Dikira upeze ntchito yokhazikika, uwerenge maulendo amene uziyenda pa mwezi, uchulukitse ndi mtengo wa ulendo umodzi, ndiye uyerekeze ndi mtengo wa tikitiyo. Ngati mwezi umenewo uli ndi tchuthi, kapena abwana amakutenga pa galimoto masiku ena, uchotsere masikuwo. Ndipo pa khadi usaikepo ndalama zambiri nthawi imodzi usanazolowere mzinda, chifukwa khadi imatayika, matumbanso amapisidwa pamalo odzaza anthu. Khadi ndi tikiti ugule pa windo kapena pa makina a siteshoni, osati kwa munthu wokuitana pakhomo kuti ali nayo yotchipa.

FUNSO: Malume, ndimapikula mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu n'kukagulitsa ku Lilongwe. Tsiku lina tinagwirizana mtengo wa ine ndi matumba anga mpaka ku depoti, ndinalipira. Titafika pa Dedza anatitsitsa n'kutikweza minibasi ina, ndipo kondakitala watsopanoyo anati ya katundu sanalandire, ndilipirenso. Chenje changanso chinapita ndi woyamba uja. Nditani kuti zisadzachitikenso? Ndine mayi wa pa Lizulu.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri. Phindu la mbatatesi ndi lochepa kale, ndiye kulipira katundu kawiri n'kugwira ntchito yopanda malipiro. Chimene anakuchitaniwo ndi chija timati kugulitsa anthu. Dalaivala akaona kuti watsala ndi anthu ochepa opitirira, amawerengera mafuta n'kuona kuti kukafika ku Lilongwe aluza, ndiye amawapereka kwa mnzake pamodzi ndi gawo la ndalama, iye n'kubwerera. Kusinthana kumeneku pakokha si kuba. Kuba kumayamba pamene woyambayo wapereka ya mutu wokha n'kubisa ya matumba.

Mtengo muzigwirizana phazi lisanakwere ndipo katundu asanamangidwe, ndi kondakitala weniweni wa galimotoyo. Woitanira akhoza kukuuzani mtengo uliwonse kuti mungolowa, iye akalandira yake amatsala pa siteji. Tchulani mokweza kuti anthu amve: ine mwakuti, matumba atatu mwakuti, mpaka ku depoti. Pa ulendo wautali ngati umenewu musafulumire kupereka yonse galimoto isananyamuke, makamaka ngati anthu amene akhala m'katimo alibe katundu ndipo akungoyang'ana kunja, chifukwa ena amakhala oikidwamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzaza.

Akati tsikani mukwere iyo, inu musatsike msanga. Aitaneni makondakitala onse awiri, woyambayo anene pamaso panu kuti mayi awa alipira yonse ndi katundu yemwe, wachiwiriyo avomere ndi pakamwa pake, chenje chanu chikhale m'manja mwanu, ndiye matumba asunthe. Akangotsitsa katundu mphamvu zanu zatha. Nambala ya galimoto muziilemba pa foni kapena muziijambula pokwera. Ndi nambala imeneyo mukhoza kukadandaula kwa atcheyamani a pa siteji kapena kwa apolisi a pamsewu, ndipo makondakitala amaopa munthu amene waisunga.

Za chenje, yendani ndi ndalama zosintha kale. Chibwerere K5,000 ya pepala limodzi mu 2022, mikangano ya chenje inachuluka, chifukwa anthu asanu akapereka yotereyi nthawi imodzi kondakitala amasowa pogwira. Mukapereka yaikulu, nenani pomwepo kuti mwatsala ndi ndalama zanga zakuti, oyandikana nawo amve. Ndipo musalole kuti akupatseni pepala limodzi inu ndi munthu wosamudziwa kuti mukagawane mukatsika.

FUNSO: Malume, n'chifukwa chiyani mtengo wa minibasi umasinthasintha, m'mawa wina madzulo wina? Nanga kulipira pa foni kuli bwino? Ndine bambo wa ku Nsipe.

YANKHO: Bambo, pali kukwera kwa zifukwa ndi kukwera kopezerapo mwayi. Bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la MERA likakweza mtengo wa mafuta, thiransipoti imatsatira tsiku lomwelo. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matayala ndi zipangizo za galimoto, zomwe zonse zimachokera kunja, zinakwera nazo. Ife a ku Ntcheu tilinso pakati pa zipata ziwiri zolipiritsa, cha Chingeni chimene chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha Kalinyeke ku Dedza cha mu 2022, moti kaya mukupita ku Blantyre kaya ku Lilongwe, galimoto ilipira ndithu, ndipo ndalamayo imachokera m'thumba la wokwera. Mafuta akasowa, dalaivala amagona pa mzere kapena kugula a m'zigubu odula, ndiye tsiku limodzi limalipira masiku awiri.

Koma kukweza mtengo chifukwa mvula yagwa, kapena chifukwa kwada ndipo anthu achuluka pa siteji, kumeneko n'kufinya munthu amene alibe kolowera, ndipo ine sindikugwirizana nako ngakhale ndinadya za ntchito imeneyi. Mukakhala ndi mpata wosankha nthawi, yendani dzuwa lili pamutu, pamene minibasi zikusaka anthu ndipo mukhoza kunenerera.

Kulipira pa foni kuli bwino, makondakitala ambiri tsopano amalola, koma funsani musanakwere chifukwa si onse. Ambiri amafuna muwonjezere yochotsera kwa ejenti, ndiye mugwirizaniretu kuti ndi zingati, apo ayi ulendo waufupi wa m'tauni ukudulirani kuposa kulipira m'manja. Mukalemba nambala, werengani mokweza dzina limene latuluka kuti iye avomere musanaike nambala yanu yachinsinsi. Uthenga wotsimikiza mumuonetse foni ili m'dzanja lanu, ndipo musaufufute mpaka mutatsika ndi katundu wanu yense.